Belu la Ng'ombe Pakhosi la Mbuzi

"Ndiye ndikuti chotsani chimpango chanucho, alamu! Munthu angamve bwanji atakulunga mutu ngati mphika wa msuzi wopita kumunda?"

Anali Belmiro, mkulu wake wa malemu mwamuna wa Deolinda, ataima pakhomo la khola lake, dzanja limodzi pachitseko, lina lili m'mwamba. Anali atamuitana ndi likhweru kangapo konse, mayiyo n'kumangopitirira ngati akudutsa chitsa.

"Mukundikuwira chiyani m'mawa uno? Ndakudyerani chiyani?" anatero Deolinda potembenuka.

"Ndikuti muiyang'anitsitse Pimenta! Ikangokhota, ana onse a chaka chino amaitsatira."

"Mbuzi imatengera mwini wake. Nanunso paja mukamva fungo la vinyo mumakhota."

Belmiro anaseka mpaka kutsokomola, n'kutsegula khola. Pimenta inatuluka koyamba, mbuzi yofiirira ya maso achipongwe, kabelu kake kakugwedera pakhosi.

Linali tsiku la ubusa la Deolinda. Ku Vilar das Fragas, mudzi wathu wa m'mapiri, mbuzi za mudzi wonse zimakwera phiri pamodzi, m'busa ali mmodzi. Nyumba iliyonse ili ndi tsiku lake. Wa mbuzi zambiri, masiku akenso amachuluka. Nyanga ikalira m'mawa, makola onse amatsegulidwa, ndipo amene tsikulo lamugwera amanyamula ndodo, buledi wakuda ndi kachidutswa ka nyama ya nkhumba, agalu patsogolo. Nyumba imene yalephera kupereka m'busa, mbuzi zake zimachotsedwa m'gululo. Ndipo munthu wopanda mbuzi m'gulu, pamsonkhano wa pabwalo la tchalitchi amangokhala womvera. Ife amene tinakakhalako kunja n'kubwerera timaziona ngati zachikalekale, mpaka tsiku limene timazindikira kuti m'mudzi muno chatsala chokhacho chimene anthu amachitirabe limodzi.

Deolinda anabadwira m'nyumba yoyandikana ndi uvuni wa mudzi, ndipo phirilo analidziwira kumbuyo kwa bambo ake asanaphunzire n'komwe kulemba dzina lake. Mawanga oyera anamuyamba chaka chimene anabereka Noémia. Anayambira kunsonga za zala, kenako kuzungulira pakamwa, pakhosi, kuseri kwa makutu, mpaka tsitsi la pamwamba pa khutu lamanzere linayera ngati lathiridwa ufa. Amayi akuluakulu anati ndi mantha, popeza ali ndi pakati anaona nkhokwe ya udzu ikupsa. Ena anati ndi chiwindi. Anamupaka zopakapaka, anamutengera kukasupe wa woyera mtima wina kutsidya kwa phiri, koma mawangawo anangopitiriza ulendo wawo. Zaka zoyambazo kunali ena amene pa uvuni ankazengereza kulandira buledi kuchokera m'manja mwake. Anadzazolowera, poona kuti palibe amene watengera.

Mwamuna wake Amândio ankamanga nyumba ku France, n'kumabwera mwezi wa Ogasiti wokha. Iye mawangawo sankawaona ngati nthenda. Ankagwira dzanja la mkazi wake, n'kumalondola ndi chala. "Apa ndi pa Bordeaux, pamene ndimagona. Apa ndi nyanja. Ukandisowa uzingoyang'ana pamenepa." Amândio atamwalira, panalibenso wina woti aziwerenga mapu amenewo, ndipo Deolinda anamangitsa kwambiri mpango wake wakuda waubweya, umene ankauvala chiyambire mawangawo, mfundo pansi pa chibwano, chilimwe ndi chisanu chomwe. Manja sakanawabisa. Koma khosi ndi makutu, ayi, zimenezo zinali zake.

Choncho pamene anayamba kuphonya mawu a anthu, mudzi wonse unali ndi yankho kale: mpango. Iye mwini anakhulupirira zomwezo. Nkhululu zitasiya kulira madzulo, ananena kuti ndi mankhwala amene anthu akupopera mbatatesi masiku ano. Mbalame nazo anati zachepa. Akazi anzake anati ayamba kulankhulira m'mano chifukwa cha mano oikirira. Amuna okha ndi ng'ombe ndiwo anali akumvekabe bwinobwino. Noémia akaimba foni kuchokera ku Luxembourg, kumene ankakolopa m'maofesi, foniyo inkalira mpaka kutopa, mtsikanayo n'kumaganiza kuti mayi ake amukwiyira chifukwa chochoka. Mwina n'chifukwa chake anabwerera. Koma kubwerera kwake kunali kwa mwendo umodzi: lero akufuna kugulitsa mbuzi kuti khola likhale zipinda za alendo, mawa akuyang'ana mitengo ya matikiti, akuti Pasaka sadzamupeza kuno.

Tsiku limenelo kunacha bwino. Dzuwa litapendeka, chifunga chinakwera kuchokera kuchigwa mwakachetechete, monga chimachitira, n'kumeza miyala, zitsamba ndi mbuzi zomwe. Pachifunga m'busa saweta ndi maso. Amaima, n'kutchera khutu: uko mabelu a kwa uje, uko a kwa uje, onse alipo. Deolinda anaima. Anamva belu lalikulu la tonde wotsogolera, gong'o, gong'o, kumunsi kwake. Anamva galu akuuwa. Koma timabelu ta ana, tija timalira ngati timasupuni tikugundana, panalibe n'kamodzi komwe.

Anaitana Pimenta. Zii.

Pamenepo anachita chimene anali asanachitepo panja chibadwire Noémia. Anamasula mfundo ija, n'kuvula mpango. Mphepo yozizira inamulasa m'makutu ngati singano. Anapendeketsa mutu uku, n'kupendeketsa uko, akudikira kuti dziko litseguke.

Silinatseguke.

Pafupi ndi mwendo wake panali kamwana ka mbuzi kamodzi kamene sikanatsatire anzake. Kanapukusa mutu pochotsa madzi m'makutu. Deolinda anaona ndi maso ake kabelu kakuvina pakhosi pake, uku ndi uku, popanda phokoso lililonse. Anagwada, n'kukagwira kabeluko, n'kukagwedeza pafupi ndi khutu lake lamaliseche. Anangomva kugunda kwake m'zala.

Anakhala pamwala, mpango uli pamiyendo. Si mankhwala a mbatatesi. Nkhululu zija zilipo.

Anatsitsa gulu kusanade, Pimenta ndi ana angapo palibe. Kutacha Pimenta inatulukira yokha pakhomo la khola, ikutafuna ngati sinalakwe kanthu, ana ali pambuyo. Kamodzi kokha kanasowa, ka Belmiro yemweyo. Amuna anakapeza chikopa ndi ziboda kuseri kwa thanthwe. Nyama yonse mimbulu inali itatha nayo.

Belmiro sanakuwe, ndipo n'zimene zinamuopsa Deolinda. Anabwera n'kuima pakhomo, chipewa m'manja. "Alamu, kamwana n'kamwana, zimachitika. Koma mbuzi zija si zanga ndekha. Lamulungu likudzalo, Misa ikatha, ndiyenera kuinena nkhaniyi."

Atachoka, Deolinda anapitiriza kudula kabichi wa msuzi, osayang'ana mwana wake.

"Noémia, kodi nkhululu zikumalira masiku ano?"

"Zimandisowetsa tulo, amayi. Bwanji?"

"Ndangofunsa."

Noémia anaika pansi foni yake. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni anawayang'anitsitsa mayi ake, osati ngati chinthu chimene chikumuchedwetsa ulendo.

Anapita nawo kuchipatala cha m'tauni ya Chaves mkati mwa sabata lomwelo. Kumeneko anamulowetsa Deolinda m'kachipinda kothina ngati kolapira machimo, n'kumuuza kuti avule mpango, avale zomvera m'makutu, azidina batani akamva kulira. Poyamba ankadina monyadira. Kenako kunangoti zii, iye n'kumadikira, akuona pagalasi dokotala wamkazi, wamsinkhu wa Noémia, akulemba.

"Mawangawa anakuyambani liti, mayi?" anafunsa dokotalayo pambuyo pake.

"Ndabwerera makutu ine, adokotala. Khunguli linandikanika kalekale."

"Mwina ndi nkhani imodzi. Tizinthu timene timapatsa khungu mtundu wake timapezekanso mkati mwenimweni mwa khutu. Mwa anthu ena a mawanga ngati anuwa, osati onse, makutu amayamba kutaya kulira kopyapyala: mbalame, mawu a ana, foni. Zaka nazo zimawonjezerapo zake. Koma kulira kozama mukukumva bwino ndithu."

"Ndiye kuti mawanga analowa mpaka mkati?"

"Tinganene choncho."

"Ha! Amândio sanafikeko kumeneko ndi mapu ake."

Dokotala sanamvetse, koma anamwetulira. Anati kachipangizo kothandiza kumva kadzapezeka, kungoti kudikira kwake n'kwa miyezi, ndipo kuphiri kwamphepo kadzafuna kuzolowera. Miyezi! Tsiku lake la ubusa linali kubweranso mwezi usanathe.

M'basi pobwerera Noémia anali atakonza kale zonse. "Lamulungu musakanene kanthu. Thupi ndi lanu. Ku Luxembourg palibe amene angakuimikeni pabwalo kuti mufotokoze za m'makutu mwanu. Tigulitse mbuzizo basi, mupume."

"Ndipume kuti ndizitani? Ndizikhala pawindo ngati mphaka?"

"Apo ayi tsiku lanulo ndizipita ine."

Deolinda anayang'ana nsapato zoyera za mwana wake. "Iwe? Ndi zimenezo? Pimenta ingakugulitse kwa mimbulu dzuwa lisanafike pamutu. Komanso si iwe ukuchoka pa Pasaka?"

Noémia anayang'ana kunja.

Lamulungu, Misa itatha, anthu anaunjikana pabwalo monga mwa nthawi zonse, amuna atatsamira khoma, akazi manja m'malaya. Belmiro analankhula mwaulemu, maso ali pansi. Anati mlamu wake waweta mbuzi za mudzi uno kuposa wina aliyense amene waima pano, koma kuitana sakuyankha, ndipo chifunga sichiimba ng'oma chikamabwera. Mwina nthawi yakwana yoti nyumba ya malemu mng'ono wake ipume.

Deolinda anamva zonse, chifukwa mawu a Belmiro ndi ozama ngati a ng'ombe. Anapita pakati. Zala zake zinalimbana ndi mfundo ija kanthawi, kenako mpango unatsika. Anthu amene anakula naye, amene anavina pa ukwati wake, anaona koyamba khosi lake loyera ngati mkaka, makutu a mawangamawanga, ndi chigamba cha tsitsi loyera chija.

"Onani, kuti musamanamizirenso mpango," anatero. "Nthenda ya khunguyi ilinso m'makutu. Timabelu ta ana sindikutimva. Akazi inu, mukamalankhula ndimangoona milomo."

Mayi wina wachikulire kumbuyo anafuula kuti, "Ndiye muja unkatidutsa osayankha moni, ife tinkati wayamba kunyada ndi ndalama za ku Luxembourg!"

"Zikanakhalapo ndikananyada ndithu, mnzanga. Mwanayo anabwera ndi nsapato zokha."

Anthu anaseka, Noémia naye, nkhope itafiira. Kuseka kutatha Deolinda anapitiriza. "Koma ng'ombe ndimazimva zili kutsidya kwa mtsinje. Alamu angawa ndimawamva ngakhale pamene sindikufuna. Ana a mbuzi sasochera okha, amatsatira Pimenta, tonse tikudziwa. Ivale belu lozama, ndiziimva kulikonse kumene yakhotera. Ndikaimva iyo, ndamva onse."

"Belu la ng'ombe pa mbuzi yanga?" Belmiro anavala chipewa chake mwaukali. "Anthu a kumudzi wakumunsi adzatiseka mpaka chaka chamawa! Mabelu anga anasiya ndi bambo anga. Munthu akamva kulira kwake ali kutali amadziwa kuti izo ndi za Belmiro."

Sankanama. Kwathu kuno mabelu a munthu ndi dzina lake, ndipo a Belmiro anali otsekemera kuposa onse, opyapyala, ngati madzi akudontha m'chitsime. Deolinda ankawakumbukira. Anazindikira pomwepo kuti papita zaka asanawamve.

"Bambo anu anasiyanso mbuzi zomvera," anatero mofatsa. "Pimenta munaitenga kuti?"

Mkangano unatha motere: Lachinayi kuli msika waukulu kutauni. Deolinda akapeze belu lakelo, Belmiro mwini akaliimbe ali kutali, iye atatembenukira kwina. Akalimva pakati pa phokoso la msika, Pimenta ivala, ndipo tsiku lake la ubusa likhala lake. Akalephera, palibe wonenanso zambiri.

Lachinayi Deolinda anamanganso mpango wake, chifukwa kunali chisanu, komanso chizolowezi sichivulidwa tsiku limodzi. Wogulitsa mabelu anali bambo wamfupi wochokera kumwera, katundu wake atamuyala pansalu pafupi ndi malo ogulitsira ng'ombe. Atamva nkhaniyo sanadabwe n'komwe.

"Tembenukani, mayi. Mukamva, kwezani dzanja."

Anayamba ndi ting'onoting'ono. Deolinda ankangoona nkhope ya Noémia patsogolo pake ikukwinyika pang'onopang'ono. Kenako china chinamveka patali, ngati munthu akugogoda kunyumba ya eni. Anagwedeza mutu: ayi, chimenecho pachifunga sichingathandize. Bamboyo anafufuza m'thumba lina, n'kutulutsa belu lakuda losaoneka bwino, lalikulu ngati chibakera, lachitsulo chochindikala, lilime lake la fupa.

Gong'o.

Linamulowa m'khutu, n'kutsikira m'chifuwa. Dzanja lake linakwera lokha.

"Limenelo ndi la thole la ng'ombe," anatero wogulitsayo. "Mbuzi yamphamvu ingalinyamule. Ikhala ikudandaula, koma ilinyamula."

"Idandaule. Nayo yatidandaulitsa mokwanira."

Belmiro analitenga ndi zala ziwiri ngati chinthu chonunkha, n'kulowa nalo m'chigulu cha anthu. Deolinda anatembenukira kukhoma. Kumbuyo kwake ng'ombe zinkalira, malole akubangula, wina akutsatsa mabulangete pa chimkuzamawu. Anthu a kumudzi amene anabwera kumsika anayamba kuunjikana, ndi ena osawadziwa omwe, ofuna kuona chimene mayi wa manja amawangayu akudikira.

Anadikira. Panalibe kanthu. Anaona Noémia akuluma mlomo, maso ali kwinakwake kumbuyo. Dzanja linafuna kukwera, kungolozera kulikonse, mwina n'kulasa mwamwayi. Analigwira ndi linzake.

"Sakuimba," anatero mokweza. "Alamu, ndikukudziwani! Mwaligwira lilime!"

Gulu lonse linaphulika ndi phwete, ndipo anadziwa kuti walasa.

Kenako linabwera. Gong'o. Kumanzere, kumene amagulitsira nkhumba. Analoza osatembenuka. Kunadutsa kanthawi. Gong'o, gong'o, tsopano kumbuyo kwenikweni, kutali, likuyenda. Chala chake chinalitsatira pang'onopang'ono, kudutsa malole, kulowera kumlatho. Linayamba kuchepa. Pamenepo Deolinda sanadikirenso. Anatembenuka, maso ali pansi kuti asaone, n'kuyamba kuyenda monga amayendera kuphiri, mutu utapendekera mbali imodzi. Anthu ankamupatukira. Anadutsa ogulitsa anyezi, ogulitsa zikwanje, anakhota pangodya ya tenti ina, n'kuima pamene panali nsapato ziwiri zamatope zimene ankazidziwa bwino.

Anakweza maso. Belmiro anali ataima pakhomo la tenti ya vinyo, belu m'dzanja limodzi, kapu m'dzanja lina.

"Ndinanena ine," anatero Deolinda akupuma mwabefu. "Mbuzi ndi mwini wake, kokhotera n'kumodzi."

Belmiro anayang'ana belulo, n'kuyang'ana mlamu wake. Maso ake anali onyowa, koma mwina anali vinyo. "Kulira kwake ngati poto wobooka," anadandaula. "Bambo anga atembenuka m'manda." Anapisa dzanja m'thumba. "Mbuzi ndi yanga, ndilipira ndine."

"Khutu ndi langa. Bwezani chikwama chanucho."

Deolinda analipira yekha, ndipo wogulitsayo anawonjezera lamba wachikopa waulere, ati chifukwa cha anthu amene mayiyo anamukokera pamalonda ake.

Basi yobwerera kumudzi inali yodzaza ndi matumba a mbewu ndi anapiye m'makatoni. Msewu wa kwathu ndi wokhotakhota, ndipo pa bampu iliyonse belu lija linkayankha lili pamiyendo pa Deolinda. Gong'o. Gong'o.

"Ndani wakweza ng'ombe m'basi mwanga?" anafuula dalaivala. "Ng'ombe imalipira pawiri!"

"Amayi, ligwireni lilime," ananong'ona Noémia, kenako anakumbukira, n'kubwereza mokweza, nkhope atayang'anitsa kwa mayi ake kuti aone milomo. Anawonjezera kuti, "Tsiku lanu likafika ndipita nanu. Osati kukaweta. Kukangoona ngati Pimenta ivomere."

"Ndi nsapato zimenezo?"

"Za bambo zija zilipobe kuseri kwa chitseko."

Deolinda anayang'ana belulo. Anamasula mfundo ya pansi pa chibwano, n'kuvula mpango, n'kuupindapinda, n'kuukanikizira m'kamwa mwa belulo mpaka linakhala chete. Mphepo ya pawindo inamukhudza kuseri kwa makutu. Atatsika pamphambano, anakwera kamtunda kopita kunyumba mutu uli pamtunda, belu lake atalifungatira ndi manja awiri ngati mwanapiye.